Nyamakazi ya Agogo ndi Botolo la ku India

Agogo anga aakazi akhala akusoka fodya wa bale kwa zaka zoposa makumi atatu kwathu ku Nkhamenya, kumpoto kwa boma la Kasungu. Ntchito ya fodya ndi yowerama: kuwokera, kupalira, kuthyola, kenako kukhala pansi m'chigafa tsiku lonse singano ili m'manja. Lero mawondo awo salola. Mwezi wa Juni ukafika, sangathe kudzuka pamphasa popanda wowagwira dzanja. Iwo amangoti, "Ndi nyamakazi, mdzukulu wanga."

Tsiku lina la msika anabwera ndi botolo limene anagula atagulitsa nkhuku ziwiri. Wogulitsayo anawauza kuti ndi mankhwala a Ayurveda ochokera ku India, ndipo amachiza nyamakazi mpaka kalekale. Sabata ziwiri zoyamba agogo anayenda ngati mtsikana. Patatha miyezi iwiri nkhope yawo inayamba kufufuma. Titapita nawo kuchipatala, adokotala anakayikira kuti m'botolomo munasakanizidwa mankhwala a gulu la ma steroid, amene amaziziritsa ululu msanga koma akamwedwa nthawi yaitali amafewetsa mafupa ndi kukweza shuga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikulemba kuti ndinyoze Ayurveda. Iyi ndi nzeru yakale ya ku India, yolembedwa m'mabuku kwa zaka pafupifupi 2,000, ndipo mu 2022 bungwe la World Health Organization linagwirizana ndi boma la India kukhazikitsa likulu loona za mankhwala achikhalidwe mumzinda wa Jamnagar. Asing'anga a Ayurveda amasiyanitsa matenda a mfundo: sandhivata ndi kuperepeseka kwa mfundo chifukwa cha ukalamba ndi ntchito, pamene amavata ndi kutupa kumene kumagwira mfundo zambiri. Amagwiritsa ntchito muzu wa chikasu, jinja, utomoni wa mtengo wa Boswellia ndi kutikita ndi mafuta ofunda. Kafukufuku wina waonetsa kuti chikasu ndi Boswellia zimachepetsako ululu wa mawondo. Koma kuchepetsa ululu si kuchiza. Palibe muzu umene umameretsanso chichereŵechereŵe chimene chatha m'bondo.

Vuto lina ndi zimene zili m'botolo. Mu 2004 ofufuza a ku Boston, ku America, anayeza mankhwala 70 a Ayurveda ogulitsidwa m'masitolo, ndipo 14 mwa iwo anapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Ngati zinali choncho ku America, nanga botolo logulitsidwa pathumba lotandika pamsika, lopanda dzina la wopanga, ndani analiyeza? Dziko lathu lili ndi bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, koma agogo anga sanamvepo za ilo, ndipo wogulitsa uja sanabwerenso.

Wina anganene kuti anthu akumudzi amathamangira zoterezi chifukwa cha umbuli. Ine ndikukana. Agogo anayamba ndi burufeni ndi indosidi wa pagolosale mpaka m'mimba munayamba kuwotcha, pakuti mankhwala amenewa akamwedwa mosalekeza amayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Anatemeranso mphini m'mawondo. Munthu amene ululu ukumulanda tulo, fodya ali m'munda kudikira, amagwira chilichonse chimene chili pafupi. Choncho kumudzudzula sikuthandiza.

Kwa ife ophunzira chinenero, pali phunziro pano. Liwu limodzi loti nyamakazi likusenza matenda osiyanasiyana. Ilipo nyamakazi ya kutha kwa mfundo, imene imafuna kulimbitsa minofu ya ntchafu, kuthowa ndi madzi ofunda, kuyendera ndodo ndi kuchepetsa katundu wa pamutu. Ilipo ina imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo zake zomwe. Imatupitsa zala za manja onse awiri, zimauma m'mawa, ndipo imafuna mankhwala a kuchipatala monga methotrexate mwamsanga, zala zisanapindike. Ilipo ya gout, imene kawirikawiri imayambira pachala chachikulu cha kuphazi. Bondo lotupa, lotentha, lobwera ndi kutentha thupi, limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. Wogulitsa akati botolo limodzi limachiza nyamakazi, akudyera pa kusasiyanitsa kwathuku.

Maganizo anga ndi awa. Wodwala ayambe wapimidwa kuti adziwe mtundu wa nyamakazi yake. Akafuna kuwonjezera jinja kapena chikasu m'phala kapena m'tiyi, awauze adokotala, makamaka ngati akumwa mankhwala ena. Mankhwala alionse a zitsamba, ochokera ku India kapena ofukulidwa kudambo la kwathu, azilembedwa zomwe zili m'kati ndi mlingo wake m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, zinenero zimene anthu a ku Nkhamenya amayankhula. Ndipo ife amene tikuphunzira kumasulira tipeze mawu osiyanitsira matendawa, m'malo modikira kuti atipezere ena.

Agogo analeka botolo lija pang'onopang'ono monga anawalangizira adokotala. Mawondo akupwetekabe, koma nkhope inaphwa. Madzulo alionse mlongo wanga amawathowa, ndipo fodya wa chaka chino tasoka ndife adzukulu.