Otsika mathithi a Zambezi ali ndi phunziro kwa a pa Chisi

Kumunsi kwa mathithi a Victoria, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, mtsinje wa Zambezi umalowa m'chigwembe chakuya cha Batoka. Kuyambira mu 1981, pomwe kampani ya ku America ya Sobek inatsika koyamba chigwembechi pa maboti a mphira opopa mpweya, alendo akhala akulipira madola kuti madzi olusawo awatenge. Ena amatsika tsiku limodzi, ena masiku angapo, kugona pamchenga, kuphika pompo, kukacha n'kupitiriza. Msodzi wa pa chilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa, atamva akhoza kuseka: munthu wanzeru zake n'kulipira kuti boti limugudubuze?

Asanaseke, amve kaye momwe anthuwa amayendera.

Madzi akagwa kuseri kwa mwala waukulu amabwerera n'kumazungulira malo amodzi, ndipo wogwera pamenepo, ngakhale katswiri wosambira, amavutika kutulukapo. N'chifukwa chake mathithi anawaika m'magulu kuyambira 1 mpaka 6, gulu la 6 kukhala lija losayenera kuyeseredwa n'komwe. Akafika poopsa, mtsogoleri amakocheza, n'kuyenda pamiyala kukaona njira ya madzi. Ku Batoka, pamathithi a nambala 9 powerenga kuchokera kumtunda, alendo amatsika n'kuwalambalala pamtunda, popanda wochita manyazi. Patsogolo pamakhala munthu wa kayak, kabwato kopepuka ka munthu mmodzi, wodikira kuvuula wogwa. Aliyense amavala jekete yoyandamitsa ndi chipewa cholimba, ndipo boti la anthu asanu ndi atatu silitenga wachisanu ndi chinayi, kaya abwere ndi ndalama zingati. Amatsatanso nyengo: maulendo aatali amachitika madzi akaphwa, cha mu Ogasiti mpaka Disembala.

Kwathu kuno mathithi sitikuwasowa. Pakati pa Matope ndi Chikwawa, Shire imatsika mamita pafupifupi 380 pamtunda wa makilomita 80 okha, kudutsa Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Ndi omwewa anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859, chaka chomwe anafikanso ku Chilwa. Mu 1875 sitima ya Ilala anachita kuiphwasula, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswa zake mpaka kumtunda. Lero ena mwa mathithiwa tinawapatsa ntchito ya magetsi, ndipo pa Mpatamanga pakukonzedwa damu linanso. Onjezanipo ng'ona ndi mvuu, muona chifukwa chomwe masewera otsika mathithi sanazikire mizu kuno.

Nanga Chilwa ikubwerapo bwanji? Nyanjayi ilibe mathithi, ilibe ngakhale mtsinje wotulukamo. Ndi yosaya, ndipo mu 1968, 1995 ndi 2018 inaphwa kwambiri, malo opalasa n'kusanduka oyenda pansi. Vuto lagona pomwepo. Madzi omwe unawaonapo ali fumbi suwaopa. Koma mwera ukakuntha, nyanja yosaya imautsa mafunde msanga, ndipo pansi pake ndi thope losaimika munthu. Boti lochoka pa doko la Kachulu litadzaza matumba a chimanga, njinga, madengu a matemba, amayi obereka ana kumbuyo, m'mphepete mwake mutatsala pang'ono kumwa madzi, lili pangozi yoposa ya mlendo wa ku Batoka. Mlendoyo anasankha yekha, ndipo wavala zomuteteza. Wodwala wopita kuchipatala ku Zomba sanasankhe kanthu.

Ena ati jekete n'zodula, ndipo sakunama. Koma kuwerenga anthu okwera sikulira ndalama, ngakhalenso kudikira kuti mphepo ileke. Pa jeketezo, makomiti a m'madoko, mafumu a pachilumba ndi khonsolo ya Zomba akhale pansi, agwirizane zopatula kangachepe pa ndalama yomwe wokwera aliyense amalipira, ayambe ndi za ana. Ndipo pa boti lililonse la matola alembepo ndi penti chiwerengero cha anthu omwe lingatenge, kuti wokwera aziona yekha asanaponde.