Sitima zikudutsa pa Liwonde, ife tikungobayibitsa

Tsiku lina ndinaima pa Liwonde kudikira kuti sitima ya malasha idutse. Ndinayesa kuwerenga mabogi koma ndinasokonezeka panjira. Mnyamata wa kabaza yemwe anali pambali panga anangoti, "Bwana, izi n'za eni ake, ife zathu n'kuonera basi."

Tatsegulani Google Maps pafoni yanuyo. Tsatirani njanji kuchoka pa Nkaya ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi kumalire a Machinga ndi Mozambique. Mukapitirira Cuamba ndi Nampula mufika ku Nacala. Kumeneko nyanja ya mchere inalowa kumtunda ngati thumba: pakamwa m'popapatiza, mkati ndi mwakuya mwachilengedwe, moti sitima zikuluzikulu zimakocheza popanda kukumba mchenga. Ku Beira, komwe mtsinje wa Pungwe umathira matope, kukumba sikutha. Tsidya lina la thumbalo kuli Nacala-a-Velha, komwe malasha a ku Moatize aja amakwezedwa atayenda makilomita oposa 900.

Njanji ya ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Koma mpaka lero mafuta athu ambiri amabwera pa mathanki apamsewu kuchokera ku Dar es Salaam ndi ku Beira, njira yodula yomwe imadya ndalama zakunja zomwe tikulirazi. Amalipira ndani? Yemwe akukwera kabaza uja, ndi mlimi wogula feteleza.

Mu October 2023, atsogoleri a Mozambique, Malawi ndi Zambia anakumana ku Nacala potsegulira doko lokonzedwanso, ndipo mu 2024 sitima ya mafuta inafika ku Lilongwe. Zabwino ndithu. Koma kwathu kuno sitima yongodutsa siisiya kanthu. Chofunika ndi doko la pamtunda pa Liwonde, lomwe takhala tikulimva m'malonjezo zaka ndi zaka: malo oti nandolo ndi thonje la ku Balaka ndi ku Machinga zilowe m'makontena pompano, mapepala a kasitomu athere pompano, anyamata apeze ntchito.

Ena akuti tisaiwale doko la Nsanje, lomwe linatsegulidwa ndi chimkokomo mu 2010 n'kukhala gwa. Nkhawa yawo ndikuimva, koma ku Nsanje kunalibe chilolezo cha Mozambique choyenda pa Zambezi. Pa Liwonde njanji ilipo kale, ndipo ikugwira ntchito usana ndi usiku.

Aphungu a maboma awiriwa akabwera kumsonkhano, ine mafunso anga ndi atatu: malo ake ndi ati, ndalama zili mu bajeti iti, ntchito iyamba mwezi uti?