THANDIZO LA CILALA SI KATUNDU WA MALONDA

Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la mtundu wonse. Maboma 84 mwa maboma 116 a Zambia anakhudzidwa. Mwa mahekitala oposa 2 miliyoni a cimanga, pafupifupi 1 miliyoni anapserera, ndipo zokolola zinatsika kucokera pa matani 3.2 miliyoni a 2023 kufika pa matani 1.5 miliyoni cabe. Cigawo ca Pakati, cimene cidyetsa mizinda yambiri, cinali pakati pa zigawo zokanthidwa.

Anthu a m'komboni ya Nakoli mu Kabwe adziwa bwino tanthauzo la ziwerengero zimenezi. Citsekedwere mgodi wa mtovu mu 1994, mabanja ambiri a tauni imeneyi adalira khasu. Agona m'komboni, koma minda yao ili kunja, kumbali ya Chibombo ndi Kapiri Mposhi. Minda imeneyo itauma, nsima inasowa m'nyumba za ku Nakoli monga inasowera kumidzi.

Boma silinapinde manja. Nthambi yoona za ngozi ya DMMU, imene ili pansi pa ofesi ya Waciwiri kwa Mtsogoleri, inagawa cakudya. Bungwe la Food Reserve Agency linatsegula nkhokwe zake ndi kugulitsa cimanga kwa anthu m'madera mwao. Mabanja osauka analandira ndalama, ndipo amphamvu analembedwa nchito yokonza misewu ndi ngalande pa dongosolo la Cash for Work. Koposa zonse, alimi oposa 1 miliyoni, atapereka K400 aliyense, analandira mbeu ndi fataleza wa FISP. Mvula itabwerera, dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni mu 2025. Uwu ndi umboni wakuti thandizo lofika m'nthaka libala.

Tsono n'camanyazi kuti alipo anthu ena amene aona tsoka la anzao ngati msika. Woyamba ndi wamalonda wodikira mlimi pafupi ndi depoti, ndalama zili m'manja, kuti agule fataleza wa Boma pa mtengo wolira. Waciwiri ndi mkulu wa kopaletivu wolemba maina a abale ake osadziwa mpini wa khasu, pamene mai wamasiye wolima ndi manja ake abwezedwa pakhomo. Wacitatu ndi mlimi mwini wake, amene agulitsa matumba ake m'mawa, nafika madzulo kudzanyoza Boma kuti lamtaya. Anthu atatu amenewa aba cuma ca mtundu, pakuti thumba lililonse linagulidwa ndi msonkho wa mphunzitsi, wa nchito ya njanji ndi wogulitsa tomato pamsika.

Ena ati njala ndiyo icititsa mlimi kugulitsa. Zoona, njala ipweteka. Koma Boma linapereka cakudya ndi nchito yolipidwa kuti mlimi asadye mbeu yake. Ndalama ya thumba la fataleza itha pa masabata ocepa. Thumba lomwelo likathiridwa m'munda lidyetsa banja miyezi yambiri. Wogulitsa fataleza agula njala ya caka camawa ndi manja ake.

Akulu a ku Nakoli akumbukira cimanga cacikasu cimene cinacokera kunja pa cilala ca 1992. Anthu anaganiza kuti zotere sizidzaonekanso, koma zinabwerera patapita zaka 32. Cakudza siciimba ng'oma.

Cifukwa cace makhansala, alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a makopaletivu ayenera kuwerenga maina a olandira poyera, pamaso pa anthu onse. Wogula fataleza wa Boma aperekedwe kwa apolisi, kaya ndi mbale kaya ndi mkulu wa mpingo. Ndipo mlimi wa ku Nakoli amene walandira matumba ake awanyamule kupita nao kumunda tsiku lomwelo.