Mlendo Wojambula Zithunzi Asasandutse Ukwati Kukhala Msika

Loweruka liri lonse mzinda wa Lusaka umadzala ndi maukwati. Magalimoto omangidwa nsalu zoyera amatsatana mu Cairo Road akuliza mahutala, ena akucokera ku Cathedral of the Holy Cross, ena ku chalichi ca Good Shepherd ku Kabwata, enanso ku Civic Centre kumene khonsolo imalembetsa maukwati. Madzulo ake phwando limacitikira m'maholo a ku Chelstone, kapena pa kapinga wa mabwalo a maluwa a ku Woodlands ndi Kabulonga. Pa maphwando amenewa pabuka khalidwe lina limene liyenera kudzudzulidwa lisanazike mizu. Khalidweli ndi la ojambula zithunzi amene amaitanidwa monga alendo, koma akafika amayamba kutsatsa malonda ao.

Nkhaniyi ikhudzanso anthu a ku midzi, pakuti ukwati wa m'tauni sumangidwa popanda iwo. Ankhoswe, amalume, azakhali ndi agogo amacoka ku Petauke, ku Katete, ku Chipata ndi ku Lundazi, kuyenda tsiku lathunthu mu Great East Road kudzaonerera mwana wao akulowa m'banja. Ocokera ku Chipata amayenda makilomita oposa 500. Ambiri a iwo amagulitsa nshawa, mbuzi kapena thumba la cimanga kuti apeze ndalama ya basi ndi kamphatso. Anthu otere ayenera kulandiridwa ndi ulemu, ndipo ndiwo amene amavutika koposa pamene phwando lasanduka msika.

Zimene zimacitika nzodziwika. Mnyamata amene anaphunzira sukulu limodzi ndi mkwati amalandira khadi lomuitana. Pa tsikulo amabwera atakoleka kamera m'khosi, m'thumba mutadzaza timakhadi tolembedwa dzina lake ndi nambala ya foni. M'chalichi, pa nthawi yovekana mphete, amadzuka nakaima kutsogolo, kutsekereza makolo ndiponso wojambula amene banja linamulemba nchito. Ku holo amayenda tebulo ndi tebulo kugawa timakhadi, akumanong'oneza atsikana operekeza mkwatibwi kuti iye akanajambula bwino ndi mtengo wocepa. Phwando lisanathe, zithunzi za mkwatibwi zimakhala zitafika kale pa Facebook ndi pa WhatsApp, dzina la wojambulayo litadindidwa pakati, eni ake osadziwa kanthu.

Palinso ena amene amajambula alendo pamene akulowa, nathamangira kukatsukitsa zithunzizo, ndi kubwera kudzaziyala pansi pakhomo la holo. Mai wokalamba wa ku mudzi, poona nkhope yake iri pa dothi ndipo anthu akuilumpha, amacita manyazi. Amamasula mfundo ya citenje nalipira cithunzi cimene sanapemphe, nthawi zina ndi ndalama imene anasungira ulendo wobwerera kwao. Amene anadza kudzasangalala amabwerera ali ndi cidandaulo, ndipo mbiri yoipa imagwera banja limene linamuitana.

Palibe amene akutsutsa kuti nchito ndi yosowa m'tauni. Mnyamata kapena mtsikana amene wagula kamera ndi thukuta lake, nasankha kudzidalira m'malo mongokhala pa mphambano, ayenera kuyamikiridwa. Pa ukwati mpamene pamasonkhana anthu amene mawa adzafuna wojambula, kotero ciyeso cotsatsa malonda ncacikulu. Komabe njala siicotsa mwambo. Mpando umene mlendo wakhalapo, mbale ya cakudya ndi botolo la cakumwa, zonsezo banja linalipira, ndipo komiti ya ukwati inawerenga mitu isanatumize makhadi. Woitanidwa anaitanidwa cifukwa ca cibale kapena ubwenzi, kuti akhale mboni ndi kukondwera pamodzi ndi eni tsiku. Akuluakulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Wofuna kukhala mlendo ndi wamalonda pa nthawi imodzi amataya bwenzi, ndipo malondawo sawapezanso.

Wojambula amene banja linapangana naye alinso ndi zake zoyenera kuganiziridwa. Iye analandira cikole, ndipo adzafunsidwa ngati zithunzi zaonongeka. Kuvekana mphete, kusaina m'kaundula ndi kudula keke zimacitika kamodzi kokha, sizibwerezedwa. Ngati kuwala kwa kamera ya mlendo kwaononga cithunzi, kapena msana wake watsekereza, banja lataya cikumbutso ca moyo wonse. Ndiponso munthu wonyoza mnzake wa nchito imodzi pamaso pa anthu amadzicepetsa yekha, pakuti omumva amadziwa kuti tsiku lina adzanyozanso iwo.

Kujambula zithunzi ndi nchito yolemekezeka imene iri ndi mbiri yake mu Lusaka. Zithunzi za Bambo Alick Phiri, amene anaphunzira nchitoyi ku Fine Art Studios najambula anthu a mumzindawu kwa zaka zambiri, zasonkhanitsidwa m'buku lochedwa Lusaka Street. Zithunzi zina zakale zimene eni ake sanabwere kudzatenga ku situdiyo yomweyo zikusungidwa ndi Mai Sana Ginwalla m'nkhokwe yochedwa Zambia Belonging. Izi zisonyeza kuti cithunzi cimakhala nthawi yaitali kuposa phwando, ndipo adzukulu adzaciyang'ana ojambulidwawo atapita kale. Wogwira nchito yotere wasungitsidwa nkhope za anthu, ndipo sayenera kuziyala pa dothi monga tomato.

Lamulo nalonso silinakhale cete. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inabvomereza lamulo lochedwa Data Protection Act, limene mfundo yake yaikulu ndi yakuti zinthu zozindikiritsa munthu zisagwiritsidwe nchito cisawawa mwiniwake osadziwa. Koma mwambo unanena zimenezi kale lamulo lisanalembedwe. Ku mudzi palibe mlendo amene amalowa kuseri kwa nyumba ya eni popanda kuodira. Kutenga nkhope ya mkwatibwi ndi kuisandutsa cikwangwani ca malonda osapempha nkulowa kucipinda kosaodira.

Njira yabwino iripo, ndipo siibvuta. Wojambula amene waitanidwa monga mlendo, ngati afuna kubwera ndi kamera, apemphe kwa mkwati ndi mkwatibwi kapena kwa wapampando wa komiti masiku akalipo. Akakanizidwa, asiye kamera kunyumba ndipo asasunge cakukhosi. Akaloledwa, ayambe wapereka moni kwa wojambula wa banja, ajambule ali pa malo ake, ndipo m'chalichi amvere zimene wansembe kapena abusa alamula. Timakhadi tikhale m'thumba. Ngati wina wamufunsa yekha za nchito yake, amuyankhe mwacidule kunja kwa holo, nkhani ya mtengo akakambirane tsiku lina. Zithunzi zimene wajambula azipereke kwa banja monga mphatso, ndipo asaike ngakhale cimodzi pa intaneti banjalo lisanabvomere.

Wocita motero sataya kanthu. Banja limene lalandira zithunzi zokongola kwaulere limaonetsa abale, ndipo abalewo amafunsa dzina la wojambula. Mau a mkwatibwi wokondwa amafika kutali kuposa timakhadi zana timene osesa amatola pansi m'mawa mwake. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Makomiti a maukwati naonso ali ndi udindo. Asanatumize makhadi agwirizane za amene adzajambula, ndipo woyendetsa mwambo alengeze dzina lake poyera phwando lisanayambe, m'Cinyanja comveka kuti ocokera ku midzi amve. Oimirira pakhomo auzidwe kuti asalole munthu kuyala zithunzi zogulitsa pamalopo popanda cilolezo. Ankhoswe, amene mau ao amamveka mbali zonse ziwiri, akumbutse anyamata a m'banja mwao za ulemu umenewu tsiku lisanafike.

Makolo ocokera ku midzi adziwe kuti palibe mwambo kapena lamulo lowakakamiza kugula cithunzi cimene sanapemphe. Ali ndi ufulu wokana kujambulidwa, ndiponso wofunsa mtengo asanaime pamaso pa kamera. Kukana koteroko sikucititsa manyazi mwana wao. Wofuna cikumbutso apemphe kwa eni ukwati, amene adzamutumizira zithunzi za wojambula wa banja zikatuluka. Ndalama ya basi ikhale m'mfundo ya citenje kufikira atafika pa siteshoni ya Intercity.