Ulere wa m'magemu a mipikisano ya galimoto ndi nyambo

Ndikaona gemu yolembedwa kuti ndi yaulere, ndimayamba ndafunsa kuti adzandidyera pati.

Taonani Real Racing 3, yomwe EA inatulutsa mu 2013. Kuiika pafoni sunkalipira kanthu. Koma galimoto ikapita kokonzedwa, unkadikira mpaka nthawi ikwane, apo ayi upereke golide kuti ubwerere mumsewu pompopompo. Golide wopeza posewera anali wochepa. Wambiri ankagulidwa ndi ndalama zenizeni. Mu Asphalt 9 ya Gameloft, ya mu 2018, galimoto iliyonse ili ndi mafuta ake omwe amatha, ndipo kuti upeze galimoto yatsopano umatolera makadi, ambiri ochokera m'mapaketi omwe sudziwa zamkati mwake.

Anzanga ku hostel amati, "Aise, palibe akukukakamiza kugula." Zoona. Nanga kudikirako anaikako ndani? Opanga gemu amakumba dala dzenje pamsewu, kenako n'kumalipiritsa aliyense wofuna kukankhidwa.

Kulipira paketi usakudziwa chimene chitulukemo ndi juga. Ku Belgium, bungwe loyang'anira juga linagamula choncho mu 2018 pa nkhani ya ma loot box ogulidwa ndi ndalama. Ife timadandaula kuti kubetcha kukudya ndalama za upkeep za anzathu, koma juga ikavala Lamborghini timaitcha zosangalatsa.

Sindikuti opanga magemu azigwira ntchito yathangata. Anditchulire mtengo kamodzi, ndilipire, ndisewere mwamtendere. Mpikisano azipambana ndi wodziwa kukhota pakona, osati wa chikwama chonenepa.