Kompyuta ya K12 miliyoni agwire ndani?

Nkhani ya makompyuta ikabuka pakati pa ife ophunzira, pamakhala wina wonena kuti koleji kapena mpingo ugule "makina enieni", aja amphamvu kwambiri omwe azungu amawatcha workstation. Amene amalankhula kwambiri zimenezi ndi anzathu ojambula makanema a makwaya, ndipo ndimawamvetsa. Kudikira usiku wonse kuti laputopu imalize kulumikiza nyimbo imodzi si zosangalatsa, makamaka magetsi akazima ntchito ili pakati. Komabe ine ndikuti ndalama zoyamba zikapezeka zisapite kumeneko.

Tiyambe ndi mitengo. M'chaka cha 2019 kampani ya Apple idatulutsa kompyuta yotchedwa Mac Pro pa mtengo woyambira $5,999. Munthu akasankha zonse zapamwamba zoikamo, mtengowo unkapitirira $50,000. Skirini yake inali $4,999, ndipo mwendo woimikapo skiriniyo unkagulitsidwa pawokha $999. Ngakhale matayala okankhira kompyutayo anali ndi mtengo wake, $400. Mtundu womwe udatuluka mu 2023 udayambira pa $6,999.

Tsopano tisinthe ndalamazi zikhale zathu. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi nkufika pa K1,700, pamwamba pa kugwa kwina kwa 25 peresenti mu May 2022. Pa mtengo wa kubanki umenewo, $6,999 ndi pafupifupi K12 miliyoni, ndipo $50,000 ndi K85 miliyoni. Mwendo wa skirini uja wokha ndi K1.7 miliyoni. Apa sitinawerengere zonyamulira ndi phindu la wogulitsa, komanso aliyense akudziwa kuti dola ya kubanki imavuta kuipeza, ndipo ya pamsika wa mseri ndi yokwera kwambiri. Mlimi wa mbatatesi ku Bembeke awerenge yekha kuti ndi matumba angati amenewo.

Sindikunena kuti opanga makinawa ndi akuba. Mtengowo uli ndi zifukwa zake. Mac Pro ya 2019 inkatha kunyamula memory yokwana 1.5TB, pomwe laputopu zambiri zomwe timaziona m'mahostelo zili ndi 8GB kapena kuchepera, kusiyana kwake pafupifupi ka 190. Memory yake ndi ya mtundu wapadera womwe umadzikonzera zolakwika, kuti ntchito ya masiku atatu isaonongeke pa ola lomaliza. Ogula ake ndi ochepa, choncho ndalama zomwe kampani idaononga popanga makinawo zimagawidwa pa mitu yochepa. Ndipo ogulawo ndi makampani opanga mafilimu, akatswiri ojambula mapulani a milatho ndi ofufuza za sayansi, anthu oti ola limodzi lodikira limawaluzitsa ndalama zambiri. Kwa iwo makinawo amabweza ndalama zake. Funso nlakuti kwa ife angabweze chiyani.

Ndikuphunzira zauphunzitsi, ndiye ndimaganiza za kalasi. Phunziro la Computer Studies lilipo pa mayeso a MSCE, koma m'sukulu zambiri za CDSS kuno ku mapiri a Dedza mwana amatha kufika Fomu 4 asanakhudzepo kiyibodi. Kumene kuli kompyuta imodzi kapena ziwiri, zimakhala mu ofesi ya ahedi, zofundidwa nsalu, zodikira kulemba mayeso a kumapeto kwa teremu. Mphunzitsi amajambula mouse pa bolodi ndi choko, ana nkukopera m'makope. Kompyuta yodula kwambiri imaonjezera vuto limeneli, chifukwa chinthu chikakhala cha mamiliyoni, kiyi wa chipinda chake amasungidwa ndi munthu mmodzi, ndipo wophunzira wa chaka choyamba amangochionera pa zenera. Palibe amene amafuna kuti chionongekere m'manja mwake.

Pomwe zomwe mphunzitsi wa mawa akufunika kudziwa sizilira mphamvu zonsezo. Kulemba scheme of work, kuwerengetsa malikisi a ana, kukonza mayeso, kufufuza nkhani, ngakhale kuphunzira kulemba mapulogalamu, zonsezi zimatheka pa makina otsika mtengo. Kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi kadayamba kugulitsidwa mu 2012 pa $35, ndipo kadapangidwa dala kuti ana asukulu aphunzirirepo. Mtundu wake wa Raspberry Pi 400, womwe uli m'kati mwa kiyibodi, udatuluka mu 2020 pa $70. Ndalama ya Mac Pro imodzi ingagule toterewu pafupifupi 100. Zoona, pakufunikanso maskirini, mabatire ndi sola, ndiye chiwerengerocho chitsika, koma ngakhale titatsala ndi mipando 20 yogwira ntchito, ndi anthu 20 ogwira makina ndi manja awo nthawi imodzi. Mapulogalamu monga Linux ndi LibreOffice ndi aulere, ndipo Kiwix imalola munthu kuwerenga Wikipedia popanda intaneti. Boma nalo lidatenga njira yofanana ndi iyi pa ndondomeko ya BEFIT yomwe idayamba mu 2023, yopereka matabuleti oyendera sola m'sukulu za pulayimale.

Pali mfundo imodzi ya anzanga aja yomwe ndi yolemera, ndipo siyofunika kuinyoza. Amati tikazolowera zotsika mtengo zokhazokha, ntchito zazikulu zokhudza dziko lathu zizichitidwa ndi alendo mpaka kalekale. Chitsanzo chili pakhomo pompano. Ku Chongoni kuli malo 127 a zithunzi zamakedzana zojambulidwa pa miyala, zina za Akafula, zina zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zithunzizo zikufufutika ndi mvula, utsi ndi anthu olembapo maina awo ndi makala. Kuzisunga m'njira ya 3D kumafuna kulumikiza zithunzi mazanamazana za mwala umodzi, ndipo apo makina amphamvu amafunikadi. Chimodzimodzinso mapu oonetsa mmene nkhalango za Chongoni ndi Dedza-Salima zikuthera, kapena kuwerengetsa komwe madzi angasefukire, monga tidaonera pa namondwe wa Freddy mu March 2023.

Koma ntchito zoterezi sizichitika tsiku lililonse pa koleji iliyonse. Makina amodzi amphamvu angathe kutumikira sukulu zingapo, monga momwe chigayo chimodzi chimatumikirira midzi isanu. Kuno ku Dedza kuli koleji ya zankhalango, kuli mishoni ya Nkhoma pafupi, kuli ife, ndipo masukulu aukachenjede a m'dziko muno ali kale ndi bungwe lowalumikiza pa intaneti lotchedwa MAREN. Kugwirizana kugula makina amodzi, kuwaika pamalo pomwe pali magetsi odalirika ndi munthu wodziwa kuwakonza, nkumalembetsa nthawi yowagwiritsa ntchito, kungatipatse mphamvuzo popanda kudya ndalama za labu ya ophunzira. Ojambula makwaya nawo angalembetse tsiku lawo.

Ndipo wodzakhala pa makina amphamvuwo adzachokera kuti? Amene adzajambule mapu a nkhalango ya Chongoni ndi pulogalamu yaulere ya QGIS ayenera kuyamba wadziwa kusunga fayilo ndi kuipezanso mawa lake. Pakadali pano mwanayo ali Fomu 1 ku Linthipe kapena ku Mayani, ndipo mphunzitsi wake ndi mmodzi wa ife tikuwerenga magaziniyi. Komiti iliyonse yomwe idzasonkhe ndalama za makompyuta, kaya ya ophunzira akale kaya ya kumpingo, ndikuipempha kuti isanafunse mtengo, ilembe kaye pa pepala chiwerengero cha ophunzira omwe adzakhale pa makinawo sabata iliyonse, maola omwe chipindacho chidzakhale chotsegula, ndi dzina la wodzasunga kiyi.