Kodi Makina Adziwa Tsiku la Chizimalupsa?



Mwezi uno utsi wakuta chigwa chonse. Dzuwa likalowa, mukaima pa khonde ndi kupenya ku nkhalango ya nyama ya Kasungu, muona mzere wofiira wa moto ulikuyenda pang'onopang'ono. Ku dimba mbande za fodya zamera, ndipo mwini nazale alikutunga madzi m'mawa ndi madzulo, nayang'ana kumwamba. Funso lake ndi limodzi: mvula idza liti? Masiku ano yankho limveka pa wailesi ndi pa lamya za m'manja. Tsiku lina mkulu wina anandifunsa nati, "Kodi anthu a zanyengowa aombeza, kapena adziwadi?" Ndifuna kuwayankha pano, kuti enanso amve.

Saombeza ai. Pa dziko lonse pali malo oyesera mphepo, kutentha ndi chinyontho, ndipo kumwamba kuyenda makina otchedwa setilaiti, amene apenya mitambo usana ndi usiku. Ziwerengero zonsezi azipatsa kompyuta. Iyo igawa mlengalenga m'ndime, monga mwini munda agawira alimi ake, niwerengera momwe mpweya wa m'ndime imodzi udzalowera m'ndime inzake. Kwathu kuno nchito yakulengeza iri m'manja mwa nthambi ya Boma yoona zanyengo. Ndipo chiyambire 1997, pamene anasonkhana koyamba ku Kadoma m'dziko la Zimbabwe, akatswiri a maiko a kumwera kuno akumana chaka ndi chaka mvula isanayambe, napangana za dzinja lirinkudza.

Pa zinthu zapafupi makinawa anena zoona kawirikawiri. Namondwe Freddy, amene anagwetsa mapiri ndi kupha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, sanadze mobisala: njira yake inaoneka masiku angapo asanafike. Pa chinthu chachikulu, ndicho kutentha kwa dziko lonse, anenanso zoona. Mu 1967 Syukuro Manabe ndi mnzake anawerengera kuti mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi nkhuni ukachuluka kumwamba, dziko lidzafunda. Zakhala chomwecho. Chaka cha 2024 chinatentha kupambana zaka zonse zam'mbuyo mwake zimene anthu anayesa. Munthu wokana zimenezi alikukangana ndi choyesera kutentha, osati ndi kompyuta.

Koma tsono mlimi wa fodya safunsa za namondwe wa mawa kapena za zaka 50 zirinkudza. Iye afunsa za pakati: ndifese liti, kuti mbande zisakulire pa bedi mvula isanagwe? Apa ndi pamene makina atsimphina. Ndime zimene kompyuta yoyesa nyengo ya dziko lonse igwiritsa nchito ndi zazikulu, zina makilomita 100 mbali imodzi, pafupifupi ulendo wochokera pa boma la Kasungu kufika ku Lilongwe. M'ndime yotere phiri la Kasungu silioneka, ngakhale madambo a Bua ndi Dwangwa. Chikhalirecho tonse tidziwa kuti mvula igwa kwa Santhe, ku Chamama kuli gwaa. Ndiponso Edward Lorenz anasonyeza mu 1963 kuti kulakwa kwakung'ono poyesa mpweya lero kukula tsiku ndi tsiku, kotero kuti popita masabata awiri palibe makina angathe kutchula tsiku la mvula.

Nanga akamati "mvula idzachepa chaka chino" atanthauzanji? Anena za dera lalikulu ndi za miyezi itatu pamodzi, ndipo anena chimene chiri ndi mwai wochuluka, osati lonjezo. Chachikulu chimene ayang'ana ndicho El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific. Mu 1997 El Niño inali yaukali, anthu anachenjezedwa za chilala choopsa, koma m'madera ambiri chilalacho sichinafike monga anaopera. Mu 2015 anachenjezanso, chilala chinadzadi, ndipo mu Epulo 2016 Boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi. Mu Malichi 2024 linalengezanso chomwecho m'maboma 23 mwa 28. Kawiri ananena zoona, kamodzi anaphonya. Ife a ku Kasungu tiri ndi bvuto lathulathu: El Niño iumitsa kumwera, nichulukitsa mvula ku Tanzania ndi Kenya, ndipo ife tikhala pakati pa ziwirizo, pamene malire ake asuntha chaka ndi chaka. Chifukwa chake ine sindiseka munthu amene afesa nazale kawiri, mabedi ena msanga, ena patapita masabata awiri. Iye wamvetsa bwino kuposa mnzake amene wakhulupirira zonse, kapena wina amene wanyoza zonse.

Za moto nazo ziri chimodzimodzi. Mu 1972 Richard Rothermel wa ku America anakonza masamu oyesera liwiro la moto wolusa, poyang'ana kuuma kwa udzu, mphamvu ya mphepo ndi kutsetsereka kwa malo. Masamuwo agwirabe nchito. Mukauza kompyuta pamene moto wayambira, ingathe kulozera kumene ulowere. Ingathenso kuchenjeza kuti sabata ino tchire lauma koopsa. Koma sidziwa kuti Loweruka masana anyamata atatu adzapita kukasaka mbewa ndi machesi m'thumba. Sidziwa za wofula njuchi amene wataya muuni wake, ngakhale za mlimi wotentha mapesi pa bedi la nazale mphepo irikuomba. Moto wa kuno pafupifupi wonse uyamba ndi dzanja la munthu. Ngakhale setilaiti iphonya: moto waung'ono, woyaka madzulo ndi kuzima usiku, nthawi zambiri suwerengedwa, pakuti diso lakumwambalo lipita pamwamba pathu kangapo kokha pa tsiku. Koma moto waung'ono womwewo ndiwo utha chigafa, nkhokwe ndi udzu wofolera nyumba.

Chimene kompyuta ndi akulu a m'mudzi abvomerezana ndi ichi: moto wa mu Juni, udzu ukali ndi chinyontho, uyenda chokwawa nusiya mitengo ya msuku ndi mombo iri moyo; moto wa mu Okutobala ukwera kufikira kunsonga, nupha ndi timitengo tomwe. Chaka chino nthawi yakutentha msanga yapita. Chatsala ndi khasu. Lambulani mozungulira zigafa ndi nkhokwe, mikono isanu kapena kuposa, ndipo udzu wofolera muusunge patali ndi tchire. Mapesi a pa nazale muwatenthe m'mamawa mphepo isanadzuke, madzi ali pambali, ndipo musachokepo mpaka phulusa litazizira.